Ku Chichiri: Bwalo la Mpira ndi Nyumba ya Zakale

Ku Chichiri, pakati pa Blantyre ndi Limbe, kuli malo awiri oyandikana moti munthu atha kuchoka pena n'kukafika penapo asanamalize nzimbe imene wagula panjira. Oyamba ndi bwalo la Kamuzu. Achiwiri ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene tonse tinkangoti kumyuziyamu. Ana amene tinakulira ku Chitawira, ku Naperi, ku Nkolokosa ndi ku Kanjedza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 tinkawadziwa onse awiri. Koma mutatisonkhanitsa lero, ife amene imvi zayamba kutipeza, n'kutifunsa za ubwana wathu, tonse tiyambira ku mpira ndipo ambiri tithera komweko. Myuziyamu imatchulidwa mochedwa, kawirikawiri ndi munthu mmodzi, anzake atayamba kale kutsanzika. Ine ndimaona kuti mlandu umenewu timaugamula mofulumira.

Chichiri sanali malo a ana. Matauni awiriwa atalumikizidwa mu 1956, mpata umene unali pakati pawo unadzaza ndi zinthu za akuluakulu: maofesi a khonsolo, khoti lalikulu, ndende, nyumba ya wailesi ya MBC, sukulu ya Polytechnic, ndi bwalo la chionetsero cha zamalonda. Masitolo aakulu amene ana a masiku ano amakazungulirako Loweruka kunalibe. Wailesi ya kanema nayo inadzayamba mu 1999, ife titamera kale ndevu. Choncho mwana wa kabudula wa zigamba akapezeka akutsetsereka m'mbali mwa msewu waukulu, umene nthawi imeneyo unkatchedwa Kamuzu Highway ndipo lero ndi Masauko Chipembere, ndiye kuti akulowera kumodzi mwa malo awiriwa.

Kusiyana kwawo kunkayambira pachipata. Kubwalo la mpira palibe ankatiitana, ndipo ndalama yolowera sitinkakhala nayo. Unkachoka pakhomo utanena kuti ukukasewera kwa mnzako, n'kukaima pafupi ndi mzere wa olowa, ukuwerenga nkhope. Nzeru yonse inali pa kusankha munthu. Wa jekete ndi tayi ayi, ameneyo akupita kumipando yofolera. Woledzera kale ayinso, akutaya pakati pa chikhamu. Unkafuna bambo woyenda yekha, wailesi ili m'khwapa. "Achimwene, ndilowe nanu." Ena ankakukalipira, koma ambiri ankangokugwira dzanja osayankha kanthu. Wapachipata ankazidziwa zimenezi kuposa ife. "Bambo inu, ana anuwa amasintha nkhope sabata iliyonse?" Atatero ankapatuka. Tsiku limene zakanika unkatsala kunja, ukutsatira mpira ndi makutu okha, mpaka zipata zitatsegulidwa chakumapeto kwa chigawo chachiwiri. Akuluakulu okhumudwa akutuluka, ife tikulowa, kukakwapula timphindi totsalato.

Kumyuziyamu tinkapita pamzere, awiriawiri, yunifolomu yochapa, aphunzitsi kutsogolo ndi kumbuyo. Ndalama zinkasonkhedwa kukali masiku, mayina akulembedwa m'kaundula. Pakhomo tinkalandira malamulo: osathamanga, osasokosera, osakhudza kanthu. Ndipo aliyense ankadziwa kuti Lolemba kukubwera chimangirizo chofotokoza ulendowo, chimene chidzachongedwa ndi inki yofiira. Apa mpamene nyumbayi inkaluzira mpikisano usanayambe. Inali mbali ya sukulu. Kubwalo tinkadzipititsa tokha, mwa nzeru zathu, nthawi zina tikudziwa kuti madzulo kuli chikwapu, ndipo mwana saiwala malo amene anawalipira ndi khungu lake.

M'kati mwa bwalo, malo athu anali masitepe osafolera amene anthu ankawatcha Biafra. Konkire inkatentha mpaka kuwotcha ntchafu, ndiye ochenjera ankabwera ndi katoni yokhalira. Ogulitsa mtedza wokazinga, zitumbuwa, mazira owiritsa ndi mafilizesi ankakwera ndi kutsika osagwetsa kanthu, ndalama ikuyenda m'manja mwa anthu kuchokera pamwamba mpaka pansi, chenje n'kubwerera momwemo osasowa ndi tambala yomwe. Chimene chinkandidabwitsa ndi abambo a mawailesi aja. Mpira ukuseweredwa pamaso pawo, iwo khutu lili pa wailesi, kumvera Steve Liwewe Banda akuwauza zimene akuziona okha. Chigoli chikalowa ankayamba akuwa, kenako n'kukhala chete pang'ono kuti wailesi iwatsimikizire amene wagoletsa.

Panali pomwepo pamene tinaphunzira mzinda wathu. Tsiku la Maule (Bullets) ndi Manoma (Wanderers), ofiira mbali iyi, a buluu mbali iyo, mwana unkaona Blantyre yense atakhala pansi malo amodzi. Unkadziwa kuti gulu likutsika kuchokera ku Ndirande ndi ng'oma lija ndi la Bullets, ndipo kuti ukavala malaya a buluu usakhale pakati pawo. Unkamva kuti chidani cha matimu awiriwa ndi cha pachibale, poti Bullets inayambitsidwa mu 1967 ndi osewera amene anapatuka ku Wanderers. Unkaphunzira za aganyu, anthu ochemerera timu iliyonse imene ikusewera ndi mdani wawo, ngakhale ichokere kunja kwa dziko. Mayina enieniwo a matimu ankatiuza kumene abambo athu ankagwira ntchito: Bata Bullets ya kampani ya nsapato, Limbe Leaf Wanderers ya fodya, Admarc Tigers, MDC United, Hardware Stars. Munthu atha kulemba mbiri ya chuma cha mzindawu pongotsatira mmene mayinawa akhala akusinthira, kuchoka ku nsapato ndi fodya kufika ku mafuta a galimoto, matelefoni, magalimoto a kaunjika ochokera ku Japan, mabanki ndi makampani otumiza ndalama. Palibe mphunzitsi anatiuza zimenezi. Tinkangozimva zikukuwidwa.

Panalinso tsiku lina pachaka limene bwaloli silinali la mpira wokha. Pa 6 Julaye kunkadzaza kusanache. Amayi a mbumba atavala nsalu za nkhope ya Kamuzu, apayoniya akuguba, asilikali ndi bandi yawo, ana a sukulu amene akhala akuphunzira masewero kwa masabata ambiri padzuwa. Mkuluyo ankalowa akugwedeza litchowa lake, ndipo magule ankabwera kuchokera m'zigawo zonse: ingoma, beni, chioda, mganda, ndi gule wamkulu amene. Akuluakulu ankadziwa zimene zinali kuseri kwa chisangalalo chimenechi, za makadi a chipani ndi za anthu osowa mosadziwika bwino, ndipo ankatseka pakamwa. Ife tinkaona mitundu ya nsalu ndi fumbi, n'kumadikira mpira wa madzulo.

Nyumba ya zakale inalibe chilichonse mwa zimenezi. Ukalowa, choyamba kukulandira chinali kuzizira kwa simenti kumapazi ndi fungo la polishi. Zinthu zinali m'mabokosi a galasi, chilichonse ndi kapepala kake: mauta ndi mivi, makasu osulidwa ndi chitsulo cha m'ng'anjo, nyanda imene makolo ankavala nsalu isanafike, mbiya, mikanda, ng'oma zimene palibe ankaziomba. Panali ndalama za nthawi ya mapaundi ndi masheleni, kwacha isanabwere mu 1971, ndipo tinkaseka kuti anthu ankagulira zinthu kakobiri kobowola pakati. Kuseka kunkatha pofika pa goli ndi maunyolo a akapolo. M'kalasi tinali titaloweza kale za Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga, mayina oyankhira mayeso basi. Koma mtengo wa mphanda uja, ukauyang'ana n'kuyerekeza ndi khosi lako, unkaona kuti mmisiri wina anakhala pansi n'kuusema mosamala, akudziwa ntchito yake. Mnyamata wovutitsa kwambiri m'kalasi mwathu anaima pamenepo nthawi yaitali, mpaka aphunzitsi anachita kumukoka mkono.

Pa zigoba za gule panachitika china. Ambiri a ife tinali ana a m'tauni, a makolo ochokera ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu, ena ku Rumphi, ndipo tinkangoloza n'kumaseka mphuno ndi mano. Mnzathu wina, kwawo ku Dedza, anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma. Titamufunsa anangoti kwawo zimenezi sazionera chonchi. Gule yemweyo tinali titamuona akuvina kubwalo pa 6 Julaye, ndipo kumeneko mnzathuyo ankaombera m'manja ndi tonse. Chilombo chovina pabwalo chinali m'malo mwake. Chigoba chopachikidwa m'galasi, chopanda mwini, choti aliyense achiyang'anitsitse ngakhale wosameta, chinali nkhani ina. Funso limenelo, loti kodi zonse n'zoyenera kuikidwa m'galasi, akatswiri a zosungira zakale amakangana nalo mpaka lero, ndipo ife tinakumana nalo tili sitandade faifi.

Ndiye panali mwala uja. Unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu Januwale 1981, wolemera makilogalamu oposa 90. Kuuona, unali mwala wakuda basi, wosasiyana kwenikweni ndi imene tinkadumphapo powoloka Naperi. Koma kuuzidwa kuti sunachokere m'phiri lililonse la dziko lino, kuti unayenda kutali kuposa ndege iliyonse n'kudzagwera m'boma loyandikana ndi Zomba, kunandisokoneza mutu masiku ambiri. Usiku ndinkatuluka kukataya madzi otsukira mbale ndikuyang'ana kumwamba mokayika.

Kunja ndiye kunali kwathu. Pakapinga panali injini ya sitima yoyendera nthunzi, galimoto yakale yozimitsira moto, basi yakale, ndi nyumba yachikale yofolera ndi udzu. Lamulo loti osakhudza linkafooka tikangotuluka pakhomo, ndipo aphunzitsi, atatopa, ankakhala pamthunzi n'kutisiya. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo ena mwa ife abambo awo ankagwira ntchito ku njanji ku Limbe, kotero panali akatswiri ambiri ofotokoza pamene ankaponyera malasha ndi pamene ankaimbira wezulo. Nyumba ya udzu ija inkaseketsa amene ankapita kumudzi pa holide iliyonse, poti agogo awo ankagona m'nyumba yotero ndipo palibe ankalipira kuti akaione. Kwa ena, obadwira ku chipatala cha Gulupu n'kukulira m'nyumba za malata, inali nyumba yoyamba ya mtundu umenewo kulowamo.

Tsono pamene ndimasiyana ndi anzanga ndi apa. Zimene timakumbukira za kubwalo n'zambiri, koma zambiri mwa izo si zathu. Funsani munthu wa msinkhu wanga za Kinnah Phiri. Akufotokozerani mmene ankadumphira, mmene ankamenyera mpira ndi mutu, mmene bwalo linkagwedezekera. Komatu Kinnah anagoletsa zigoli zake zambiri m'zaka za m'ma 1970, pamene Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 kuno kumudzi ndi mu 1979 ku Kenya, ndipo anapita ku Swaziland ife tisanafike msinkhu wopita tokha ku Chichiri. Amene tinawaona ndi maso ndi a Lawrence Waya ndi anzawo amene anatenganso chikhocho mu 1988. Ngakhale amenewo tinkawaona pang'ono, kudzera pakati pa mapewa a akuluakulu, kapena mphindi khumi zomaliza zija. Zotsalazo tinazitola pa wailesi, kwa amalume, pometetsa tsitsi, ndiponso Lolemba pa buleki, pamene chigoli cha Loweruka chinkaseweredwanso ndi mpira wachikulunga, aliyense akulimbikira kuti chinalowa momwe akunenera iye. Nkhani ya kubwalo ili ngati ndalama yachitsulo imene yayenda m'manja ambiri: imawala, koma nkhope yake inafufutika kalekale. Tikakumana pamaliro n'kuyamba kukumbutsana, timagwirizana msanga chifukwa tonse tikubwereza nkhani imodzi imene tinaikonza limodzi.

Za kumyuziyamu sizinayende m'manja mwa aliyense. Palibe wailesi inaulutsa za mwala wa ku Machinga Loweruka lililonse, palibe amalume anakometsera za goli. Chimangirizo chija tinalemba, chinachongedwa, kope linatha n'kukulungira mandasi. Chimene chinatsala m'mutu chinatsala momwe chinalowera. N'chifukwa chake mukafunsa anthu asanu za kumeneko mumva zinthu zisanu zosiyana: wina nyama zoumikidwa za maso a galasi, wina basi, wina ndalama yobowola, wina sakumbukira kanthu koma kuti anagawana chigumu ndi mtsikana amene ankamuopa kumulankhula. N'zochepa, ndipo sizikoma kuzikamba pagulu poti palibe wokuthandiza kuzikometsera. Koma munthu ukafuna kudziwa kuti iweyo uli mwana unali wotani, chimene chinkakuopsa ndi chimene chinkakukopa, umboni wosasokonezedwa uli kumeneko.

Chodabwitsa n'chakuti ankatitengera kumyuziyamu kuti tikaphunzire mbiri ya dziko, pamene mbiri yambiri inachitikira kubwalo kuja, pa masitepe omwe tinkatayapo makoko a mtedza. Nyumba ya zakale ndi yaing'ono pa msinkhu: zinthu zake zinayamba kuonetsedwa ku Mandala, m'nyumba yakale ya African Lakes, ndipo ya ku Chichiri inatsegulidwa mu 1966. Bwalo linalipo kale. Poyamba linkadziwika ndi dzina la Rangeley, mzungu wa boma la atsamunda amene ankalembanso za mbiri ya mitundu ya anthu a kuno. Ndi m'bwalo limeneli mmene mbendera ya Britain inatsitsidwa n'kukwezedwa ya Malawi usiku wolowera pa 6 Julaye 1964, Prince Philip ali pomwepo. Papa John Paul wachiwiri anakumana ndi achinyamata momwemo mu Meyi 1989. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, dzina la Kamuzu linachotsedwa n'kukhala Chichiri Stadium, ndipo Bingu wa Mutharika, amene analumbirira momwemo mu 2004, analibwezeretsa. Mwana atangouzidwa chifukwa chimene bwalo limodzi lasinthira mayina chotere, akhoza kumvetsa zaka makumi asanu za ndale za dziko lino. Sindikumbukira mphunzitsi aliyense akutiimika pamenepo kuti atifotokozere. Mbiri inali ya m'galasi, bwalo linali la mpira.

Pali chinanso chimene ife amuna timachilumpha tikamakamba za masiku amenewo. Bwalo silinali la aliyense. Alongo athu sankapita ku mpira. Loweruka masana ankakhala akuchapa, akusinja kapena akulera ana, ndipo mtsikana wopezeka ku Biafra akanamva mawu oti sangawabwereze kunyumba. Ankalowamo pa 6 Julaye, kukavina kapena kukaguba, osati kukadzisangalatsa mwa kufuna kwawo. Ngakhale kwa anyamata, sikuti kunali kwa mtendere nthawi zonse. Woyimbira akalakwitsa, kapena anthu akaganiza kuti walakwitsa, miyala inkayamba kuuluka, utsi wokhetsa misozi n'kutsatira, ndipo mwana wamng'ono pakati pa anthu othamangira chipata chimodzi amaona zoopsa zimene sakazinena kwa amayi ake. Tinkathawa mpaka ku Ginnery Corner nsapato zili m'manja, mawa lake n'kumakamba ngati zinali zosangalatsa. Kumyuziyamu kalasi yonse inkalowa, atsikana ndi anyamata, wamphamvu ndi wofooka, wa Maule ndi wa Manoma. Mlongo wanga ndikamufunsa za Chichiri, za bwalo alibe nazo mawu. Amakamba za mikanda ndi za injini ya sitima, ndipo amaikumbukira bwino kuposa ine.

Sindikunena kuti tikanasankhitsidwa tikanasankha myuziyamu. Ayi ndithu. Loweruka lililonse tikanathamangira komwe kuli ng'oma, ndipo tikanachita bwino, chifukwa chimene munthu amamva anthu zikwizikwi akamakuwa pamodzi chigoli chitalowa sichipezeka m'nyumba ya chete. Ndinachimvanso ndili wamkulu mu Juni 2008, pamene Chiukepo Msowoya anagoletsa kumapeto kwenikweni Malawi n'kugonjetsa Egypt 1-0, Kinnah yemwe uja ali mphunzitsi wa timu, ndipo bambo amene sindinkawadziwa anandinyamula m'mwamba ngati mwana wawo. Bwalo linatipatsa anzathu ndi mzinda. Chimene ndikukana n'choti nyumba inayo sinatipatse kanthu chabe chifukwa zimene inatipatsa sizikambika mokweza.

Masiku ano zinthu zapendekera kwina. Masitepe ena a bwalo la Kamuzu anakalamba mpaka kutsekedwa poopa ngozi, udzu wake ndi wapulasitiki, ndipo chitsegulireni bwalo la Bingu ku Lilongwe mu 2017, masewero akuluakulu a Flames ambiri amachitikira kumeneko. Maule ndi Manoma akakumana kumadzazabe, koma mwana wa ku Chitawira lero amadziwa bwino osewera a Arsenal ndi Manchester United, amene amawaonera m'mashedi a kanema pamtengo wochepa, ndipo makolo ochepa angalole mwana wa sitandade faifi kukagwira dzanja la munthu wosamudziwa pachipata. Kumyuziyamu mabasi a sukulu akuimabe, ana akutsika awiriawiri, aphunzitsi akuwerenga mitu. N'kutheka kuti ambiri mwa ana amenewa Chichiri wawo adzakhala wa injini ya sitima ndi masitolo. Za kubwalo adzazimva kwa ife, ndipo ife tidzawonjezera zigoli.